Chitseko choyenda chokha

Poti anyamata a ku Rosettenville kuno ku Joni ayamba kale kufalitsa pa gulupu kuti ndinaonetsa apongozi anga ngati kanema, bola ndinene ndekha, nanga inu munalipo?

Chitseko cha kutoileti kwathu ku Turffontein chinkagunda bedi ukamatsegula, ndiye ndinati ndiike cha barn door ngati zimene ndimaika kwa mabwana ku Randburg, chopachika pa njanji yachitsulo, chongoyenda chammbali. Ntchitoyi ndimaidziwa anthuni, njanji izitalika kawiri mulifupi mwa chitseko, cha 900mm chimafuna ya 1.8m. Ku hadiweya kunali seti yonse, mawilo, masitopa a kumapeto, ndi kagayidi kapansi kaja koletsa chitseko kulendewera, koma ine ndinaona ina yotchipa pa Facebook, njanji ndi mawilo basi, nkumati masitopa ndi za azungu. Levulo ndinali nditabwereketsa ndiye ndinayeza ndi botolo la Fanta lamadzi theka. Botolo silinama, nyumbayo ndi imene ili yokhota, anaimanga kalekale nthawi ya Teba.

Loweruka ndakatenga apongozi aamuna ku Park Station, masiku awiri ali m'basi kudzera ku Tete ndi Beitbridge, m'mimba mwawo muli msonkhano. Kungofika, osakhala ndi pansi, ulendo wa kutoileti. Atseka bwinobwino. Ife tili pa nsima.

Kenako kwiii. Pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati sitima ikunyamuka ku Limbe. Kunayamba kuoneka nsapato, kenako bondo, kenako jekete la ku tchalitchi lija, mpaka munthu wamkulu yense wathunthu, chipewa chili pamutu. Tinayang'anana. Ine mbamu ili m'manja, mayi a mwana angoti mayooo nkubisa nkhope m'chitenje. Chitseko osaima, chinapitirira mpaka kumapeto kwa njanji, wilo limodzi phwa, nkulendewera ngati mbuzi ya pa butchala.

Iwo osatekeseka, angoti, "A mkamwini, chitsekochi chili ndi dalaivala wake?"

Ndinachinyamula nkuchigwira ndekha, nditayang'ana kukhoma, ndikungoti pepani bambo, pepani bambo, mphindi makumi awiri zathunthu, ndipo zonse zochitika mkatimo ndinazimva.

Masitopa ndagula tsopano, ali mu pulasitiki pamwamba pa fuliji. Pakadali pano tikutsekera ndi njerwa.