Ndinkangofuna kuti router ipumeko

Inde, ndine ndemwe amene ndinapha intaneti ya ku ofesi kwathu. Musavutike n'kutumizirana chithunzi chija mobisa, ndachiona kale, ndipo amene wandijambulira chisoti chachifumu pamutu ndikumudziwa. Koma poti nkhaniyi ikuyenda yopanda mutu, imvereni kwa mwiniwakene.

Router yathu ya kumalire, makina olumikiza ofesi yathu ndi intaneti ya kunja, ija imalankhula BGP (chilankhulo chimene ma router amauzirana njira za pa intaneti) ndi makampani awiri otigulitsa intaneti, ndi nkhalamba yotheratu. Njira za IPv4 (mtundu wakale wa ma adiresi a pa intaneti) zokha padziko lonse zinadutsa kale 900,000, ndipo gogo ameneyu amayenera kuloweza zonsezo pamtima. Aliyense wa ntchito yathuyi amadziwa za pa 12 Ogasiti 2014, tsiku limene tebulo la njira linadumpha 512,000 ndipo ma router akale ambirimbiri anatsamwa chifukwa TCAM, memory yapadera yosungira njirazo, inadzaza. Yathu inapulumuka, wina anali ataikulitsira malo. Koma tsopano inali ikupumira m'mwamba, ndipo ndikawauza abwana zogula ina ankangoti, "Tiona chaka chamawa," maso ali pa foni.

Ndiye ndinaganiza, ndipo maganizowo anali abwino, musandiyang'ane choncho. Dongosolo lotchedwa CIDR linabwera mu 1993 kuti ma adiresi oyandikana azilengezedwa pamodzi ngati mtolo umodzi, tebulo lisafufume. Koma anthu ndi anthu. Aliyense amaduladula gawo lake m'tizidutswa ta /24, kachidutswa kochepetsetsa kamene makampani ambiri amalandira, n'kulengeza kalikonse pakokha kuti aziwongolera kolowera traffic yake. Njira zoposa theka m'tebulomo ndi tima /24 timeneti. Mankhwala ake ndi odziwika: umaika filter yokana tizidutswa tonse ting'onoting'ono, kenako umaika default route, mzere umodzi wouza router kuti chilichonse chimene sukuchidziwa, pereka kwa mkulu wakumtunda, iye akadziwa kopita nacho.

Papepala panga default route inali nambala 1, filter nambala 2. Nambala 1 ndinaiona kuti ndi yachibwana, ya mwana wa sukulu, ndiika pomaliza. Ndinayamba ndi ya akatswiri.

Abale anga, graph ija! Mzere wa memory umene unakhala zaka uli kudenga unagwa phi! Ndinaimirira. Ndinauyang'ana chapafupi, ndinabwerera m'mbuyo kuti ndiuone bwino chapatali, ndinapendeketsa mutu. Ndinamva ngati fani ya router yasintha nyimbo, yayamba kundithokoza. Ndinaitana mnyamata wophunzira ntchito kuti, "Mphwanga, bwera udzaone, izi ku sukulu sakuphunzitsani." Ndinamuuza akhale pa mpando wanga kuti aone monga ndinaonera ine. Ndinajambula screen, n'kulemba pansi pake kuti "Mainjiniya enieni sagula, amaganiza," n'kutumiza ku gulu la ofesi pa WhatsApp. Uthenga unangokhala ndi kawotchi kaja pambali. Ndinagwedeza foni. Ndinaikweza m'mwamba. Ndinaidzudzula pamaso pa mwana uja kuti mafoni a masiku ano ndi zinyalala. Kenako, poti chimwemwe chinali chisanathe, ndinabwerera ku graph kukaionanso.

Mayi a ku akaunti ndi amene anayamba kusuzumira pakhomo. "Achimwene, kodi intaneti yapita?" Ndinawayankha mwaulemu wonse kuti ayi mayi, intaneti ilipo, ndipo lero ndiye ili bwino kuposa kale lonse, mwina muzimitse kompyuta muyatsenso. Ndinawaonetsa ping, kauthenga koyesera ngati makina ena akufikika, ikuyankha bwinobwino ku adiresi ina imene ndinailoweza. Anangondiyang'ana. Kumbuyo kwawo kunali kutaima kale anthu ena, aliyense laputopu ili m'manja yotsegula.

Chimene chinachitika n'chakuti tima /24 tambiri tili ndi mtolo waukulu wotiphimba, ndiye malo amenewo ankafikikabe. Tina tilibe. Makompyuta onse a mu ofesi amafunsa ma adiresi a mayina a mawebusaiti ku 1.1.1.1, DNS ya kampani ya Cloudflare, ndipo 1.1.1.1 imakhala mu /24 yakeyake. Ndinali nditaitaya ndi manja angawa, n'kuiombera m'manja. Popanda DNS palibe dzina limene linkatseguka. Ndinatsegula browser kuti ndifufuze chimene chavuta, browser n'kundiuza kuti ndione ngati ndili pa intaneti. Ine! Mwini intaneti!

Thukuta likutsika, pakamwa pokha ndi pamene pankagwira ntchito. Ndinayamba kuwafotokozera anthu a pakhomo aja kuti vuto la kukula kwa tebulo ndi la dziko lonse, kuti akatswiri anasonkhana ku Amsterdam mu 2006 kukambirana zomwezi, kuti ena anabwera ndi LISP yolekanitsa dzina la makina ndi malo amene makinawo ali, koma tebulo likukulabe mpaka lero. Mayi aja anati iwo akungofuna kutumiza malipiro a anthu. Ndikulankhula choncho, mphwanga uja, ali phee pa mpando wanga, anatola pepala langa, anawerenga nambala 1, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Akulu, iyi munaika?" Ndinati ndimamuyesa. Analemba mzere umodziwo, wa ma ziro okhaokha, ndipo zonse zinadzuka.

Zonse, kuphatikizapo foni yanga. Abwana anali atangolemba ku gulu, pa data yawo, kuti "Ndani wapha intaneti?" Pansi pake penipeni, osadutsa ndi sekondi, panatera graph yanga ndi mawu aja akuti mainjiniya enieni amaganiza.

Musanaseke kwambiri, kumbukirani kuti Facebook, ndi ndalama zake zonse, inadzichotsa yokha pa BGP pa 4 Okutobala 2021 n'kusowa pafupifupi maola 6. Ine sindinafike n'komwe pa nthawi ya nkhomaliro. Akatswiri a ku Amsterdam zaka zonsezi sanalichepetse tebulo, ine ndinalidula pakati ndisanamalize n'kapu ya madzi. Filter ija ikadalipo mpaka lero, ikugwira ntchito, ndipo palibe amene wabwera kudzanena zikomo.

Dzulo ndinakawakumbutsa abwana za router yatsopano. Anati poti yakaleyo ndaichiritsa, ndalamazo agulira mipando.