Tsiku limene womira m'madzi anayankha

Dzina langa ndine Gabriel, koma chifikireni ku Budapest, likulu la dziko la Hungary, kudzaphunzira, anzanga a m'kalasi amangonditchula kuti Gabi. Musaiwale zimenezo.

Tsiku lina m'nyengo yachisanu, mtsikana wina amene ndinkamuponyera diso anandiitanira ku kanema wakale. Filimu yake inali Sodrásban, yoyamba yaitali ya katswiri wopanga mafilimu István Gaál, ya mu 1964. Ine poopa kuoneka mbuli ndinati, "Imeneyotu ndakhala ndikuisakasaka." Bodza la msanasana. Chihangare changa panthawiyo chinali chogulira buledi basi.

Tisanalowe ndinakhwasula lángos (buledi wakumeneko wokazinga m'mafuta) wamkulu ngati chivundikiro cha poto, kirimu ndi tchizi zili yakatiyakati. Panja kukuzizira koopsa, m'holo muli fundee, mpando wofewa.

Filimu inayamba, yopanda mitundu. Achinyamata ali kumtsinje wa Tisza, kuthamangitsana pamchenga, kusambira, kumira pansi n'kuvuuka ndi matope. Sándor Sára anajambula madziwo mwaluso, zimenezo sindingamumane. Amayenda mwakachetechete, pang'onopang'ono, ndipo zikope zanga zinawatsatira mpaka kunsi.

Ndili mkati mwa tulo ndinamva anthu akuitana, mawu ankhawa zedi.

"Gabi! Gabiii!"

Mwana woleredwa bwino sachedwa kuyankha. Ndinadzambatuka n'kukuwa kuti, "Wawa!" Kenako nditakumbukira kuti ndili kwa eni, ndinakonza: "Itt vagyok!" Kutanthauza kuti ndili pano.

Abale, Gabi amene ankaitanidwayo anali mnyamata wa mufilimu. Anali atamira anzake osazindikira, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo: ndani anamuona komaliza, nanga mlandu ndi wa yani.

Holo yonse inangoti zii. Kenako gogo wina kumbuyo anaphulika nacho chikhakhali, ndipo chinafalikira mzere ndi mzere. Mnzanga uja analowa pansi mumpando mpaka kutsala tsitsi lokha. Ngakhale pamene agogo ake a Gabi ankayandamitsa buledi wozikapo kandulo pamadzi, malo amene anthu amapukuta misozi, mapewa a anthu kutsogolo kwanga anali akugwedezekabe. Ine maso ali tong'o, tulo titathawa kalekale.

Potuluka, mdala wina wa chipewa anandigwira dzanja ndi manja awiri, nalankhula motalika, nkhope ili yaulemu. Ndinangogwedeza mutu ngati ndikumva.

Titafika pokwerera tramu, kasitima ka m'misewu ya m'tauni, ndinafunsa mnzanga kuti bambo aja amati chiyani.

"Akuti zikomo potulukira," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Akhala akukufunafuna kuyambira 1964."