Mmene ndinakafikira panyanja ya pamwamba pa phiri

Ulendowu unayamba dzulo lake, nditakhala pansi ndi mapu. Njira inali ya makilomita 8 kupita kokha, ndipo chikweza chake chinali cha mamita 900. Pali kawerengedwe kamene William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, anakhazikitsa mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Nditawerengetsa ndinapeza maola atatu. Kupuma mulibemo m'kawerengedweka, choncho ndinawonjezera ola lina.

Kenako ine ndi mnzanga tinapangana chinthu chimene ndimachiona kuti n'chofunika kuposa nsapato zabwino: ikakwana 12 koloko masana tisanafike, tibwerera, kaya nyanja taiona kaya ayi. M'mapiri ambiri mitambo ya mabingu imakonda kusonkhana dzuwa likapendeka, ndipo kumtunda kopanda mitengo munthu alibe pobisalira mphenzi.

Tinanyamuka mbandakucha. M'chikwama munali madzi malita awiri, kamba, juzi, chovala chamvula, malaya ena, tochi ndi pulasitala. Kunyumba tinasiya titanena njira imene tidutse komanso nthawi yotiyembekezera.

M'nkhalango ndinalakwitsa. Mphamvu zinali zidakalipo, ndiye ndinayenda mothamanga, malaya athonje n'kunyoweratu ndi thukuta. Mitengo itangotha, mphepo inandiwomba ndipo ndinayamba kunjenjemera dzuwa likuwala. Munthu akamakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse, ndipo thonje likanyowa limachedwa kuuma. Ndinasintha malaya, ndinavala juzi. Pomwepo ndinamvanso chidendene chikutentha. Musadikire kuti chituza chituluke. Vulani nsapato mumate pulasitala nthawi yomweyo. Ine zinanditengera mphindi zisanu zokha.

Chigawo chomaliza chinali chamiyala yokhayokha. Njira inasowa, tinkangotsatira timiyulu ta miyala timene oyenda amasanja. Apa tinkaponda pang'onopang'ono, kupuma kuli wefuwefu. Pamalo okwera kupitirira mamita 2,500 kuchokera pa nyanja yamchere mpweya umapepuka, ndipo ena amayamba kumva mutu, mseru kapena chizungulire. Tinkafunsana pafupipafupi, chifukwa zizindikirozi zikakula mankhwala ake ndi kutsika basi.

Nyanja sinaoneke mpaka titakwera kamtunda komaliza. Ndinangoima kukamwa yasa. Madzi anali zii, obiriwira motuwirako, ali m'chibeseni chachikulu cha matanthwe, nsonga za phiri zikuonekera m'menemo chadodolido. Nyanja zambiri zotere zinakumbidwa ndi madzi oundana amene ankatsetsereka pang'onopang'ono kwa zaka masauzande, akukokolola thanthwe. Atasungunuka, dzenje linadzaza madzi. Kumene madzi oundanawo akadalipo, amapera miyala kukhala fumbi losalala ngati ufa, ndipo fumbilo likamayandama m'madzi ndi limene limawapatsa mtundu umenewu. Ndinakhala pamwala osayankhula kwa nthawi ndithu. Ndinaviika mapazi, koma mphindi imodzi isanathe anali atachita dzanzi. Kusambira sindinayerekeze, chifukwa madzi ozizira chonchi amabanikitsa munthu akangodumphiramo.

Mtima unkafuna kukhalabe, koma 12 koloko itakwana tinatolera zinyalala zathu zonse n'kuyamba kutsika. Kutsikako n'kumene kunandipweteka kwambiri. Mawondo ankanjenjemera, timiyala tinkagubuduzika pansi pa nsapato, ndipo ndodo ndi imene inandipulumutsa kawiri konse. Ndinamanganso zingwe za nsapato mothina kuti zala zisamagunde kutsogolo.

Bingu loyamba tinalimva titalowa kale m'mitengo. Nditacheuka, kumtunda konse kumene tinali kunali kutakutidwa ndi mtambo wakuda bii.