Sikelo ya golide ndi phiri la Ndirande

Mwezi uno m'darasa lathu la Loweruka ku Limbe takhala pa mutu wa nzeru za munthu: zimalekezera pati, nanga chiongoko cha Allah chimayambira pati. Mawu oti "nzeru zili ndi malire" ambirife tinawamva tili ku madrasa, koma kawirikawiri ankanenedwa pofuna kutseka pakamwa mwana wovuta ndi mafunso. Ma ulama akale, akatswiri a maphunziro a Chisilamu, sankawagwiritsa ntchito motero.

Imam al-Ghazali anabadwa mu 1058 ku Tus, dziko limene lero ndi Iran, ndipo mu 1091 anapatsidwa udindo wophunzitsa pasukulu yotchuka ya Nizamiyya ku Baghdad. Patangotha zaka zinayi anasiya zonse n'kupita ku Damascus. Iyeyu anadutsa m'nyengo ya chikaiko, ndipo mmene anafotokozera chikaikocho ndi zimene zandigwira mtima. Anati maso amanama. Ukayang'ana chithunzithunzi cha mtengo umaona ngati chaima, koma ukabwerako pakapita ola upeza chasuntha. Nyenyezi imaoneka yaing'ono ngati khobidi, pamene masamu amasonyeza kuti ndi yaikulu kuposa dziko lapansi. Apa nzeru zawatsutsa maso. Ndiye anadzifunsa kuti, ngati pamwamba pa maso pali woweruza amene amawakonza, n'chiyani chingaletse kuti pamwamba pa nzeru pakhalenso woweruza wina?

Komatu munthu yemweyu anadzudzula kwambiri anthu amene ankakana masamu a kadamsana wa dzuwa ndi mwezi poganiza kuti akuteteza chipembedzo. Iye ankaona kuti munthu wotero akuchivulaza Chisilamu, chifukwa wodziwa masamu akamva shehe akukana chinthu chotsimikizika, sakayika masamuwo, amakayika chipembedzocho. Ndikanakonda ena otumiza mauthenga m'magulu athu a WhatsApp akanamva zimenezi.

Mu Hadith (nkhani ya zonena ndi zochita za Mtumiki) yolandiridwa ndi Imam Muslim, Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anapeza anthu a ku Madina akuthira mungu pamitengo ya tende, ndipo ananena kuti mwina ikhoza kubereka bwino popanda kutero. Anthu anasiya, zokolola zinachepa. Atamuuza, anawayankha kuti iwo ndi amene akudziwa bwino za ntchito zawo za dziko lapansi. Choncho za feteleza, za mankhwala a malungo, za kumanga mlatho, nzeru zapatsidwa bwalo lonse.

Ife a mu Blantyre tinaziona izi mu Malichi 2023. A zanyengo anachenjeza za namondwe Freddy asanafike, ndipo chenjezolo linachokera ku nzeru zimene Allah anapatsa anthu. Kulimvera sikunali kuchepa kwa iman, chikhulupiriro. Koma matope atatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, mafunso amene anatsala anali ena. Womwalirayo ali kuti tsopano? Timuchitire chiyani chimene chingamufike? Palibe makina oyezera mphepo amene akanayankha. Anthu anasambitsa maliro, kuwaveka sanda n'kuima pa swala ya janaza, pemphero la maliro la ma takbir (kunena "Allahu Akbar") anayi, monga momwe anaphunzitsidwira. Palibe akanazitulukira yekha zimenezo.

Ibn Khaldun, wolemba mbiri wobadwira ku Tunis mu 1332, anafanizira nzeru ndi sikelo yoyezera golide. Sikeloyo ndi yolondola, siinama, koma amene akufuna kuyezerapo phiri ndiye wapusa. Sikelo ya wogulitsa nyama mumsika wa Limbe ikalephera kuyeza phiri la Ndirande, sitinena kuti yawonongeka.

Pa nkhani za ibada, kupembedza Allah, m'pamene malirewa amaonekera poyera. Chifukwa chiyani swala ya Fajr ili ndi rakaa (zigawo za swala) ziwiri, Maghrib zitatu, Isha zinayi? Ngakhale mutasonkhanitsa aphunzitsi onse a masamu a ku yunivesite ya MUBAS, sangafike pa manambala amenewa ndi choko. Ali ibn Abi Talib (Allah asangalale naye) ananena kuti chipembedzo chikanakhala choyendera maganizo a munthu, pochita wudhu (kudziyeretsa ndi madzi tisanaswali) bwenzi tikupaka madzi kunsi kwa khuffu, nsapato zachikopa zija zonga sokosi, popeza kunsiko ndiko kumaponda dothi. Koma iye anaona Mtumiki akupaka pamwamba. Mawu amenewa ali m'buku la Hadith la Abu Dawud. Ndimawakonda chifukwa Ali sakubisa kuti nzeru zake zikanasankha kwina.

Qur'an pa Sura 17 ndime 85 ikunena za anthu ofunsa za mzimu, ndipo yankho lake n'lakuti mzimu uli m'chilamulo cha Mbuye wanga, ndipo simunapatsidwe kudziwa koma pang'ono chabe. Buku lomweli, pa Sura 67 ndime 10, anthu a ku Moto akudandaula kuti akanakhala omvera kapena oganiza, sakanakhala kumeneko. Kusamva ndi kusaganiza zonse zawerengedwa kuti ndi njira yotayikira. Ndipo pulofesa ndi wogulitsa matemba, onse akaima pa swala zisanu za faradhi (zachikakamizo) amawerenga Fatiha, Sura yoyamba ya Qur'an, maulendo 17 patsiku, kupempha chinthu chimodzi: tiongolereni ku njira yoongoka.

Mnzathu wina wophunzira za unamwino anafunsa funso limene linatikhalitsa mpaka adhana yoitanira swala ya Asr. Anati, chabwino, tende ndi za dziko, rakaa ndi za chipembedzo, nanga zapakatikati, monga kulera, inshulansi, kapena ngongole za m'mabanki a m'mudzi, amagamula ndani? Shehe wathu sanathamangire kuyankha. Anati imeneyo ndiyo ntchito ya fiqh, maphunziro a malamulo a Chisilamu, pamene dokotala kapena wodziwa za chuma amafotokoza mmene chinthucho chilili, kenako wodziwa Qur'an ndi Sunnah (njira ya Mtumiki) n'kuona lamulo lake, ndipo mmodzi akalumpha mnzake fatwa, chigamulo chachipembedzo, imatuluka yopunduka. Anatikumbutsa kuti Imam Malik wa ku Madina ankayankha mafunso ambiri ndi mawu oti "sindikudziwa", ngakhale wofunsayo atachokera kutali. Za mabanki a m'mudzi anati aliyense abwere Loweruka likubwerali ndi malamulo a gulu limene akulidziwa, olembedwa papepala, makamaka pa chiwongoladzanja ndi chindapusa cha wochedwa kubweza.