Nkhani ya malungo ndatumiza, koma chidindo chandiwawitsa mutu

Yapita! Nkhani yanga ya mpikisano wa achinyamata wolemba za sayansi ndaitumiza dzulo usiku. Inu amene mukufuna kudzalowa nawo chaka chamawa, yambani ndi chidindo, kulemba kubwere pambuyo.

Fomu yawo imafuna siginecha ya a hedi komanso chidindo cha sukulu, kutsimikiza kuti ndiwedi wophunzira ndipo zaka zako sizinapyole. A hedi anasaina pompopompo. Koma chidindo chimakhala m'dilowa ya akalaliki, kiyi ali nayo m'thumba. Lero ali kubanki, mawa kumaliro, mkuja "bwera ikatha buleki". Ukabwera, loko ali lende pachitseko. Tsiku limene ndinawapeza, inki inali itauma gwa. Anachita kuchiuzira mpweya chidindocho n'kudinda mokanikiza ndi manja onse awiri. Kukachita sikani kutauni, pepala lonse linatuluka bwinobwino kupatula chidindocho, ndalama ya minibasi ndi ya sikani zitapita kale. Basi kubwereranso kukagwada kwa akalaliki omwe aja.

Za kulembako, musayambe ndi "malungo ndi vuto lalikulu m'dziko muno". Aliyense alemba zomwezo, oweruza adzayasamula. Ine ndinagwira funso limodzi lokha: bwanji munthu sadwala tsiku lomwelo limene udzudzu wamuluma? Yankho lake n'lokoma. Udzudzu waukazi wa Anopheles ukaluma, tizirombo ta Plasmodium timathamangira kuchiwindi, n'kumaswana mwakachetechete kwa sabata kapena kuposa, munthu akulima ndi kuseka osadziwa kanthu. Tikachokako timalowa m'maselo ofiira a magazi, n'kumawaphulitsa, ndipo m'pamene kunjenjemera ndi kutentha thupi kumayamba. Apa ndi pomwe ndinalowetsa katemera wa malungo wotchedwa RTS,S, chifukwa iye amalimbana ndi tizirombo tisanakhazikike m'chiwindi. Malawi ndiye anali woyamba kumpereka kwa ana mu Epulo 2019, Ghana ndi Kenya anatsatira, kenako bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linamuvomereza mu 2021. Ronald Ross, amene anatulukira mu 1897 kuti tizirombo ta malungo timakhala mu udzudzu, ndinangomupatsa chiganizo chimodzi, malo anali ochepa.

Aphunzitsi athu a Biology anandiuza kuti ndimuwerengere mng'ono wanga wa Sitandade 7 mokweza. Paliponse pamene anayamba kuyang'ana kumbali, ndinachonga ndi pensulo n'kulembanso. Mawu aakuluakulu a m'buku ambiri anafera pomwepo. Nambala iliyonse imene mwaika, lembani pambali kumene mwaitenga nthawi yomweyo, chifukwa mukadzaifuna pambuyo simudzaipeza.

Ndaiwala kunena, funsani msanga ngati akufunanso kalata ya makolo. Yathu inafunika, ndipo nayonso inadutsa pa chidindo chomwecho. Muzidinditsa zonse tsiku limodzi, ndipo musachoke mu ofesimo musanaone kuti zilembo zikuwerengeka.

Potumiza, magetsi anathima ndili pakati, mwayi ndinali nditadzitumizira kale nkhaniyo pa imelo, ndiye ndinamalizira pa foni ya achemwali. Fayilo ya sikani inali yaikulu, inakana kulowa mpaka nditaichepetsa, bandulo ikungodyeka. Gulani yokwanira, ndipo tumizani usiku, netiweki imakhalako bwino anthu akagona.