Mmene ndinasamalirira galu wathu ataswa m'chisanu cha ku Angónia

Galu amakhala ndi bere masiku pafupifupi 63. Wathu anagwidwa mu Epulo, choncho ndinadziwiratu kuti adzaswa mu Juni, pamene kuno ku Ulónguè, likulu la boma la Angónia ku Mozambique, kumazizira kwambiri. Atayamba kukumba pansi pa nkhokwe ndi kukana chakudya, ndinamukonzera malo pakona ya khitchini, posafika mphepo. Ndinayala udzu wouma, pamwamba pake ziguduli zakale.

Poswa penipeni sindinalowererepo. Mayi amang'amba yekha kathumba kokuta mwana, kudula mchombo ndi mano, n'kunyambita mwana mpaka alire. Ine ndinangokhala chapatali n'kumaonetsetsa kuti kamwana kalikonse kapeza bere, chifukwa mkaka woyamba uja ndi umene umateteza ana ku matenda, ndipo umagwira ntchito bwino tsiku loyamba lomwelo.

Chimene chinandidya mtima ndi chisanu. Tiana tongobadwa kumene sitingathe kudzifunditsa tokha, timadalira thupi la mayi. Kamodzi kanali kochepa kuposa tinzake, ndipo m'mawa wina ndinakapeza katakankhidwira kunja kwa chiguduli, kali zii, kosalira n'komwe. Kamwana kozizira musakapatse mkaka, m'mimba mwake simugaya. Ndinakaika pachifuwa panga mkati mwa juzi mpaka kanayamba kuphiriphitha ndi kufunafuna bere, kenako ndinakaika pa bere lakumbuyo, lomwe limakhala ndi mkaka wambiri, nditagwira tinzake kuti tisakalande. Usiku ndinkakulunga botolo la madzi ofunda m'nsanza n'kuliika pambali pawo. Mkaka wa ng'ombe sindinaupereke, umatsegula m'mimba tiana totere.

Apa ndinene mosabisa: ambiri kwathu kuno timamana galu woyamwitsa. Mkute wa dzulo wokha sungamukwane, pakuti amafunika chakudya chochuluka kawiri kapena katatu kuposa cha masiku onse. Wathu ndinkamuphikira phala la mgaiwa losakaniza ndi kapenta wosinja, nthawi zina dzira lophika, ndipo madzi akumwa sankachoka pafupi naye. Tsiku lililonse ndinkamugwira mabere. Bere likatupa, kuuma ndi kutentha, kapena mayiyo akayamba kunjenjemera, pitani msanga kwa alangizi a ziweto ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi ziweto.

Utitiri umamaliza magazi a tiana. Ndinkauchotsa ndi chipeso, udzu wakale n'kuutentha. Mankhwala osambitsira ng'ombe musayese, amapha. Kuzungulira malo awo ndinkathirako phulusa poopa linthumbwi. Ana a m'nyumba ndinawauza kuti aziona ndi maso okha kufikira tiana titakhwima.

Maso a tiana anatseguka pakati pa masiku 10 ndi 14. Pa masabata awiri mlangizi anatipatsa mankhwala a njoka za m'mimba, a mayi ndi ana omwe. Cha ku masabata anayi ndinayamba kutiikira phala lamadzimadzi m'mbale yosaya, ndipo tianato tinkapondamo kaye tisanaphunzire kukhatha.

Anansi anayamba kupempha tiana maso atangotseguka. Mayi wina anabwera ndi dengu lonyamulira, ndipo ndinawauza kuti, "Amayi, dikirani kakwanitse masabata 8, kakali kuyamwa." Aliyense wotenga ndinamuuzanso kuti pa miyezi itatu akakabayitse katemera wa chiwewe, ndipo atatu otsala pakhomo ndinawatengera ndekha kwa mlangizi.