Kukopera mizere ku sheet ina mu Excel, zomwe ndaphunzira sabata ino

Sabata ino ndakhala pa nkhani imodzi basi, kusamutsa mizere kuchoka pa sheet ina kupita pa inzake osachita kukopera pamanja umodziumodzi. Ndikuphunzirira pa kaundula wa banki mkhonde yathu kuno ku Matawale, muli dzina, ngongole, chiwongoladzanja, ndiye column D timalemba "wabweza" kapena "sanabweze".

Fomula ndiyophweka heavy, pa Sheet2 mungolemba =FILTER(Sheet1!A2:D60,Sheet1!D2:D60="sanabweze") nkudina Enter, mizere yonse ya osabweza imadzadza yokha. Kungoti FILTER imafuna Excel 2021 kapena Microsoft 365, mukailemba pa 2016 kapena 2019 imangotulutsa #NAME? basi. Google Sheets ili nayonso.

Njira ina ndi macro, kapulogalamu kakang'ono komwe mumalemba nokha mu Excel momwemo, ndiye yandidyera nthawi koma ndaikonda. Mudina Alt+F11, Insert kenako Module, nkulemba loop yoti iziyenda mzere ndi mzere, ikapeza "sanabweze" mu column D ikopere mzere wonsewo nkukauika pa Sheet2 pansi pa womaliza, ndipo kuti idziwe pomwe pali womalizawo timagwiritsa End(xlUp), apo bii izingolemba pamwamba pa zakale. Fayilo isevedwe ngati .xlsm chifukwa .xlsx simasunga macro, komanso zomwe macro yachita Ctrl+Z sibweza, ndiye yeserani pa kope kaye chonde.

Koma chomwe chanditsegula maso ndi ichi. Fomula ija imasintha limodzi ndi Sheet1, mayi wina akabweza lero dzina lawo limachoka pompo, zomwe zili bwino pa msonkhano wa Loweruka pofuna kuona amene atsala, koma mu Disembala pogawana wina akafunsa kuti kodi mu Epulo anachedwa kubweza ndi ndani, FILTER singakuuzeni, inaiwala kalekale. Macro ikakopera ndi PasteSpecial xlPasteValues imasunga manambala momwe analili tsiku limenelo, ngati risiti. Pa ndalama za anthu ine ndikuona kuti zimenezi nzofunika kwambiri, anthu amadana pa nkhani ya penate yomweyi. Ndiye ndikugwiritsa ntchito zonse ziwiri, FILTER ya lero, macro ya kumapeto kwa mwezi ndipo ndaonjezera column ya deti.

Chatsala nchoti column D ndiike dropdown ya Data Validation yoti mlembi azingosankha mawu m'malo molemba, chifukwa mlembi akaika space kumapeto kwa "sanabweze" fomula ndi macro yomwe zimamudumpha munthuyo.